Kalata imene kompyuta imalemba ikamakomoka

Loweruka lina m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukaona kompyuta ya mayi wina amene ali ndi kashopu ka siteshonale chakumsika. Ndi mashopu aja a fotokope, kutaipitsa CV ndi kupulintitsa ma assignment, fumbi la mumsewu lili mbuu pa kiyibodi. Kompyuta yake ndi desktop yakaunjika, RAM 8 GB, Windows 10.

"Mwafika achimwene, iyi yatitopetsa. Mnyamatayu akangoti apulinte mapepala ambiri, sikirini yonse buluu, kenako yayambiranso yokha ngati palibe chachitika."

"Nanga zimene imalemba pabuluupo munazikoperapo, amayi?"

"Tikopere nthawi yanji? Imangothwanima."

Sindinadandaule, poti ndimadziwa kuti Windows ikamagwa imasiya kalata. Ndinatsegula C:\Windows\Minidump. Munalibe kanthu. Ndinafufuza fayilo ya MEMORY.DMP mu C:\Windows, nayonso kunalibe. Apa mnyamata uja anayankhula monyadira: "Ndimaitsuka Lachisanu lililonse bwana, pali kapulogalamu kochotsa zinyalala." Anali atasesa umboni wonse dzulo lake.

Sindimudzudzula. Palibe anamuuzapo kuti mafayilo amenewa ndi achiyani, ndipo ambiri a ife amene timakonza makompyuta m'tauni muno timangowadziwa ngati zinthu zodya malo. Koma m'mafayilomu muli nkhani yaikulu. Kodi muzilowa chiyani? Muzisiyidwa chiyani? Mayankho a mafunso amenewa munthu wina anakupangirani kale, ali kutali, musanagule n'komwe makinawo. Zoikiratu zoterezi ndi zimene timati default, ndipo zimagwira ntchito mwakachetechete mpaka tsiku limene mwazifuna.

Chimene chimalembedwa n'chiyani

Kompyuta ili ndi malo awiri oikamo zinthu. Disk ndi nkhokwe: chimene mwaikamo chikhalamo ngakhale magetsi atazima sabata yathunthu. RAM ndi lichero: muli zokhazo zimene mukupeta panopa. Kalata imene mukutaipa, tsamba la banki limene mwatsegula, pasiwedi imene mwangolowetsa, chithunzi cha ID chimene chikupita ku pulinta, zonsezi zili m'lichero. Magetsi akachoka, lichero lagudubuka, ndipo madzi akatayika saoleka.

Blue screen, sikirini yabuluu ija, si ngozi yongochitika. Ndi chisankho. Pakati pa Windows pali gawo lotchedwa kernel, limene limagawa RAM, kuyankhula ndi zipangizo ndi kuyang'anira mapulogalamu onse. Kernel ikaona kuti china chake m'kati mwake chasokonekera moti singadzikhulupirirenso, imaimitsa zonse dala, kuopa kuti ikapitiriza ilemba zinyalala m'nkhokwe n'kuononga mafayilo anu. Isanayambirenso, pamene RAM idakali ndi moto, imajambula zimene zili m'licheromo n'kuziika pa disk. Chithunzi chimenecho ndiye crash dump. Anthu a Unix ndi Linux, mapulogalamu ena oyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, amati core dump, dzina lochokera ku makompyuta a m'ma 1950 ndi 1960, amene memory yake inali timphete ting'onoting'ono ta maginito totchedwa core. Timpheteto tinatha kalekale, dzina linatsala.

Funso ndi lakuti ajambule zochuluka bwanji. Taganizirani minibasi imene yachita ngozi pa Chipembere Highway. Wapolisi wapamsewu akhoza kungolemba nambala ya galimoto, nthawi, dzina la dalaivala ndi pamene matayala anakhwekhwereza. Akhoza kuonjezera kujambula kutsogolo konse: chiwongolero, mabuleki, injini, zimene kondakitala wagwira m'manja. Kapena akhoza kujambula minibasi yonse, okwera onse, n'kutsegula chikwama cha aliyense. Njira yoyamba ndi yachangu koma nthawi zina siuza chimene chachititsa ngozi. Yachitatu imauza chilichonse, kuphatikizapo zimene sizikukhudza ngoziyo ndipo eni ake sakanafuna kuti zionedwe. Mu kompyuta, kutsogoloko ndi kernel ndi ma driver, timapulogalamu timene timayendetsa pulinta, sikirini, Wi-Fi ndi zina. Okwera ndi Word, Chrome, Excel, ndipo zikwama zawo ndi zinthu zanu.

Mmene Windows inasankhira

Mukalowa mu System Properties, pa Advanced, n'kudina Settings pansi pa Startup and Recovery, mupeza kabokosi kolembedwa Write debugging information. Ndi pamenepo pagona nkhani.

Small memory dump ndi lipoti la wapolisi wachangu uja. Windows imailemba kuti ndi ya 256 KB, ngakhale fayilo yeniyeni imatha kukulirapo. Muli nambala ya vuto, yotchedwa stop code, ndi manambala anayi oifotokozera, mndandanda wa ma driver onse amene anali m'kati, ndi njira imene ntchito yomwe inagwayo inadutsa isanagwe, yomwe amati call stack. Imasungidwa mu foda ya Minidump, kugwa kulikonse fayilo yakeyake, dzina lake loyamba ndi deti. Samalani, detilo amalemba mwachimereka, mwezi patsogolo. Fayilo yoyamba ndi 031025 ndi ya pa 10 March 2025, osati pa 3 October.

Kernel memory dump imatenga RAM yonse imene kernel ndi ma driver akugwiritsa ntchito, n'kusiya ya mapulogalamu anu ndi imene sikugwira ntchito. Kawirikawiri imakhala ma MB mazana angapo, nthawi zina kupitirira 1 GB. Complete memory dump imatenga RAM yonse osasiyako: kompyuta ya 8 GB, fayilo ya pafupifupi 8 GB. Windows 10 inabweretsanso Active memory dump, imene imatenga za kernel ndi za mapulogalamu omwe, koma n'kusiya zimene zikuoneka kuti sizingathandize, monga RAM imene yabwerekedwa kwa ma virtual machine, makompyuta ongoyerekeza amene amayenda m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Iyi inapangidwira makamaka ma seva akuluakulu. Koma dziwani kuti okwera ndi zikwama zawo amalowamo.

Default yake si ina mwa zimenezi ayi. Kuyambira pa Windows 8, makina amabwera ali pa Automatic memory dump. Dzinali limapusitsa anthu, amaganiza kuti Windows imasankha yokha mtundu wa dump malinga ndi vuto. Si choncho. Zimene zimalowamo ndi zomwezo za Kernel memory dump. Kusiyana kwake kuli pa kasamalidwe ka malo, ndipo kuti timvetse tiyenera kuona mmene fayiloyi imalembedwera.

Pa nthawi ya blue screen, Windows ili ngati munthu amene waledzera ndipo akudziwa kuti waledzera: sadzikhulupirira kuti angatsegule kabati n'kuika pepala mu fayilo yoyenera. Njira yake yanthawi zonse yolembera mafayilo mwina ndi imene yasokonekerayo. Choncho imakonzekeratu pa nthawi imene mukuyatsa makina. Imasunga padera kope lapadera la driver ya disk, n'kuloweza pamtima malo enieni a pa disk pamene pali page file, fayilo yobisika ija yotchedwa pagefile.sys imene masiku onse imakhala mosefukira RAM. Ikamagwa imakhuthulira zonse pamalo amenewo mwachindunji. Maperesenti aja mumaona akuyenda pa sikirini yabuluu ndi ntchito imeneyi. Makina akayambiranso, mutu utabwerera m'malo, Windows imachotsa zimene inakhuthulazo mu page file n'kuzipanga MEMORY.DMP, n'kupanganso ka minidump kochokera momwemo.

Ndiye kuti dump singakule kuposa malo amene akonzedwa. Automatic imalola page file kukhala yaing'ono kuposa RAM, kuti isadye disk pachabe. Makina akagwa n'kupezeka kuti malowo anachepa, Windows imakulitsa page file kufika pa kukula kwa RAM kapena kuposa, n'kuisiya choncho kwa masabata anayi, kudikira kuti vutolo libwerenso. Likapanda kubwera, imaichepetsanso. Mwanjira ina, opanga anavomereza kuti umboni wa kugwa koyamba ukhoza kutayika, bola wa kachiwiri ugwidwe.

Ine ndimaona kuti default imeneyi ndi yanzeru. Blue screen imachokera kutsogolo kwa minibasi, kawirikawiri kwa driver kapena chipangizo chodwala, ndiye kujambula kutsogoloko n'kokwanira. Vuto ndi lakuti anaiganizira kompyuta ya disk yaikulu, ya magetsi osazimazima, imene palibe amaitsuka Lachisanu.

Chifukwa chake mumapeza mulibe kanthu

Apa ndi pamene default ya kutali imakumana ndi Blantyre. Malaputopu ambiri akaunjika amene tikugula masiku ano ali ndi SSD ya 128 GB, ndipo pakatha miyezi itatu imakhala yadzaza ndi mafilimu ndi zithunzi za ukwati. Kuyambira pa Windows 7 pali lamulo lakuti kompyuta imene siili pa domain, netiweki yoyang'aniridwa ndi kampani, ngati malo otsala pa disk ndi ochepera 25 GB, MEMORY.DMP imafufutidwa yokha, kumatsala ka minidump basi. Palibe uthenga umene umakuuzani. Pa tsamba lomwe lija la Startup and Recovery pali kabokosi koletsa kufufuta kumeneku, koma sikabwera kali kochonga.

Pali kabokosi kena kamene kamabwera kochonga, ka Overwrite any existing file. MEMORY.DMP imakhala imodzi yokha, kugwa kwa lero kumafufuta kwa dzulo. Kachitatu ndi Automatically restart, kamene kanachititsa amayi aja kunena kuti imangothwanima. Mukakachotsa, sikirini yabuluu imaima mpaka mutaijambula ndi foni, ndipo ili ndi limodzi mwa malangizo ochepa amene ndimapereka kwa aliyense amene makina ake akuvuta.

Kenako pali ife amisiri. Wina anaonera vidiyo yakuti kuzimitsa page file kumathamangitsa kompyuta, ndipo anazimitsa pa makina onse a muofesi. Popanda page file, kapena fayilo ina yoikidwa mwapadera m'malo mwake, Windows ilibe pokhuthulira. Enanso ndi mapulogalamu otsuka aja, komanso Disk Cleanup ya Windows yomweyo, imene ili ndi mzere wa System error memory dump files. Pomaliza, ngati chimene chadwala ndi disk yeniyeniyo, kalata singalembedwe, poti pepala ndi limene lapsa. Makina amene akuchita blue screen koma maperesenti osachoka pa 0, ndimayamba kukayikira disk kapena kachingwe kake.

Ndipo pali kugwa kumene si kugwa. Magetsi akazima, kapena wina akakoka pulagi pofuna kutchaja foni, kernel sipeza mpata wolemba chilichonse. Chakudza sichiimba ng'oma. Chimene mupeze ndi mzere mu Event Viewer, Kernel-Power, nambala 41, umene umangonena kuti makina anazima mosatsanzika. Ndaonapo anthu akusintha RAM, kusintha Windows, kufunafuna dump imene kulibe, pamene vuto ndi adaputala yotayirira pakhoma kapena batire la UPS limene linafa chaka chatha. Mu mzere wa 41 umenewo yang'anani BugcheckCode. Ikakhala 0, nthawi zambiri ndiye kuti panalibe blue screen, yambani mwaona za magetsi ndi kutentha.

Zikwama za okwera

Tsopano mbali imene anthu saiganizira. Mmisiri akalephera kupeza vuto, amatha kunena kuti, "Ikani pa Complete, ikagwanso munditumizire." Fayilo ya 8 GB, bandulo yake ndiye musanene, koma vuto lalikulu si bandulo. Mwatumiza lichero lonse. Munthu wodziwa akhoza kutulutsamo makalata amene anali otsegula, ma pasiwedi, tizizindikiro timene timachititsa kuti Facebook kapena imelo isakufunseni pasiwedi kachiwiri, ngakhale makiyi otsekulira zinthu zobisidwa. Disk yanu ikhoza kukhala yotsekedwa ndi BitLocker, koma mukakopera fayiloyo pa flash, yatuluka m'nyumba yokhoma.

Kernel dump ndi yabwinoko, koma musaitenge ngati yoyera. Mu minibasi ndalama zimadutsa m'manja kuchokera kumbuyo kupita kwa kondakitala. Zimene zinali m'njira pa nthawi ya ngozi zimalowa pachithunzi. Chilichonse chopita ku disk, ku netiweki kapena ku chipangizo china chimadutsa mu kernel, ndiye zidutswa za zinthu zanu zikhoza kupezekamo. Minidump ndi imene ili ndi zochepa kwambiri, ndipo ndi imene ine ndimapempha poyamba. Imakwana bwinobwino pa WhatsApp.

Pulogalamu imodzi ikagwa, tinene kuti Excel yatseka yokha, imeneyo si blue screen, ndipo malamulo ake ndi ena. Windows Error Reporting imakonza lipoti lopita ku Microsoft, koma kusunga ma dump a mapulogalamu pamakina panu mwadongosolo kumafuna kuti muyatse nokha kudzera mu registry, kaundula wa zoikiratu za Windows, pa kiyi ya LocalDumps. Mukayatsa osasintha china, imasunga ma minidump osapitirira 10 mu foda ya CrashDumps. Zimene zimapita ku Microsoft zimatengera chimene munasankha pa Diagnostic data. Mukalola Optional, a Microsoft amanena okha kuti malipotiwo akhoza kutenga mwangozi zidutswa za fayilo imene mumagwiritsa ntchito. Ambiri timadina Accept pa tsiku loika Windows tikuthamangira kukakwera minibasi isanade.

Akuba a pa intaneti amadziwa bwino mtengo wa mafayilowa. Mu Task Manager mukadina kumanja pa pulogalamu iliyonse pali mwayi wopanga dump yake yonse. Wakuba akalowa pa kompyuta ya muofesi ndi mphamvu za administrator, chimodzi mwa zinthu zoyamba amayesa ndi kutenga dump ya lsass.exe, gawo limene limasunga zinsinsi za anthu amene alowa pamakinawo, n'kukaifinya ndi chida chotchedwa Mimikatz. Chida cha mmisiri ndi cha wakuba ndi chimodzi.

Ngakhale eni ake a Windows nkhaniyi inawazunguza. Mu July 2023 Microsoft inaulula kuti gulu lina la ku China, limene analitcha Storm-0558, linawerenga maimelo a mabungwe pafupifupi 25, kuphatikizapo nthambi za boma la America, pogwiritsa ntchito kiyi yachinsinsi ya Microsoft. Mu September chaka chomwecho kampaniyi inafotokoza kuti mwina kiyiyo inalowa mu crash dump ya mu April 2021, imene inasamutsidwa kuchoka kumalo otetezedwa kupita kumene akatswiri amafufuzira mavuto. Mu March 2024 anabweza mawu, kunena kuti dump yokhala ndi kiyiyo sanaipeze, ndipo bungwe la boma la America la Cyber Safety Review Board linawadzudzula chifukwa chochedwa kukonza zimene ananenazo. Choncho musamve kuti dump ndi imene inapalamula. Chimene ndikutolapo ine n'chakuti akatswiri awo ataona kuti kiyi yabedwa, amodzi mwa malo amene anawakayikira ndi amenewa.

Kwathu kuno tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ndi imene imaliyang'anira. Kachipatala kakang'ono ku Ndirande, ofesi ya loya pa Victoria Avenue, sukulu, ngakhale siteshonale imene imajambula ma ID a anthu tsiku lonse, onsewa ali ndi zinthu za anthu ena m'lichero. Kupereka Complete dump ya makina oterowo kwa mlendo n'chimodzimodzi kumupatsa zimene zinali pa desiki panu.

Koma tisafike potaya nkhwangwa ndi mpini womwe. Pa 19 July 2024, update yolakwika ya kampani ya zachitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Ma dump a kernel amene makina ogwawo anatumiza ku Microsoft anaonetsa malo enieni: driver yotchedwa csagent.sys inayesa kuwerenga RAM pamalo pamene simayenera kufika. Panalibe chifukwa chotsegula chikwama cha wokwera aliyense. Default inagwira ntchito imene anaipangira.

Kwa a Linux

Ophunzira a pa MUBAS amene alembapo pulogalamu ya C amawadziwa mawu otuluka pulogalamu ikagwa akuti Segmentation fault, ndi ena pambali pake akuti core dumped. Kenako amafunafuna fayilo ya core mufoda osaipeza. Chifukwa chake n'chakuti pa ma Linux ambiri malire a kukula kwa core, amene mumaona ndi lamulo la ulimit -c, amabwera ali pa 0, kapena fayiloyo imaperekedwa kwa pulogalamu ina yoisamalira. Kumene ikupita kwalembedwa mu /proc/sys/kernel/core_pattern. Pa Ubuntu imalandiridwa ndi apport, imene imaika malipoti mu /var/crash. Pa Fedora ndi Red Hat zamakono ndi systemd-coredump, ndipo mumaziona ndi coredumpctl.

Chimene ndimakonda pa Linux n'chakuti chisankhocho chili poyera, mukhoza kuchiwerenga ngati nambala. Pulogalamu iliyonse ili ndi coredump_filter, imene kawirikawiri imayamba ili 0x33. Tanthauzo lake: tenga RAM imene pulogalamuyo yadzipangira yokha, kumene kuli zinthu zake zenizeni, tenganso mitu ya mafayilo a pulogalamuwo kuti adziwike, koma usakopere mafayilo amene ali kale pa disk, poti wofufuza akhoza kuwapeza kumeneko. Wolemba pulogalamu akhozanso kuika chizindikiro cha MADV_DONTDUMP pa gawo la RAM limene muli chinsinsi kuti lisalowe, ndipo mapulogalamu osunga makiyi monga ssh-agent amadziletsa okha kusiya core.

Kernel ya Linux yeniyeniyo ikagwa, njira yake ndi yosiyana ndi ya Windows. Amasungiratu kagawo ka RAM pambali, muli kernel yachiwiri yogona. Yoyamba ikafa, yachiwiri imadzuka, kujambula mtembo wa mnzake, n'kulemba fayilo ya vmcore. Dongosololi ndi kdump. Pa Red Hat, chida chojambulacho, makedumpfile, chimabwera chili pa -d 31. Nambalayi ndi kuphatikiza 1, 2, 4, 8 ndi 16, iliyonse ikuimira chinthu chosiyidwa: masamba a RAM opanda kanthu, mitundu iwiri ya cache (makope a zimene zili kale pa disk), zinthu za mapulogalamu a anthu, ndi RAM yosagwira ntchito. Anthu osiyana, nzeru zosiyana, koma anafika pamene Microsoft inafika: jambula kutsogolo, okwera asiye. Mtengo wake ndi RAM yosungidwa ija, imene simungaigwiritse ntchito. Pa seva yaikulu sizimveka, pa ka VPS, kaseva kobwereka pa intaneti, ka RAM ya 1 GB zimapweteka.

Nakonso zinthu zimadontha. Mu May 2025 akatswiri a kampani ya Qualys anaonetsa kuti apport ndi systemd-coredump zinali ndi mpata umene munthu wamba wa pamakinawo akanatha kuwerengera core ya pulogalamu yamphamvu, n'kupezamo ma pasiwedi obisidwa a mu /etc/shadow. Chotchingira chimene analangiza podikira update chinali kuika fs.suid_dumpable pa 0, kutanthauza kuti mapulogalamu amphamvu otere asasiye core.

Mafoni nawonso amalemba zawo. Android imasunga timafayilo totchedwa tombstone, mwala wapamanda, ndipo bug report imene wokonza foni angakupempheni imakhala ndi zambiri za mmene mumagwiritsira ntchito foniyo.

Kubwerera ku Limbe

Poti umboni unali utasesedwa, tinayenera kupalamula ngozi ina. Ndinaona kaye kuti page file ilipo ndipo Windows ikuiyendetsa yokha, ndinachotsa chonga pa Automatically restart, ndinasamutsira mafilimu a mnyamata uja pa flash kuti disk ipume.

"Iwe, tapulinta chija chimaigwetsa."

Anatsegula chikalata cha masamba ambiri cha wophunzira wina. Pulinta inakoka mapepala angapo, fani ya kompyuta ikulira ngati chigayo, kenako buluu. Ulendo uno inaima. Amayi anaijambula ndi foni, manja ali m'mwamba ngati akujambula mkwati. Maperesenti anayenda mpaka 100. Titaiyatsanso, mu Minidump munali kafayilo kamodzi, ndipo MEMORY.DMP inali itabadwa, ma MB opitirira 700.

Ndinatsegula kafayiloko pa laputopu yanga ndi WinDbg, pulogalamu yowerengera ma dump, n'kulemba !analyze -v. Pano ndichenjeze anzanga amene amathamangira dzina loyamba limene latuluka. Kawirikawiri dzinalo limakhala ntoskrnl.exe, ndipo munthu amalengeza kuti Windows yafa, tiike ina. Imeneyo ndi kernel yeniyeniyo. Imapezeka pa kugwa kulikonse chifukwa ndi imene imakuwa kuti imani. Kuiimba mlandu kuli ngati kumanga kondakitala chifukwa ndi amene anafuula tayala litaphulika. Muyenera kutsika ndi call stack kuona amene anali pantchito kernel isanakuwe. Ndipo ngakhale ameneyo akhoza kukhala wopezeka pamalo chabe: driver ina ikhoza kuipitsa RAM n'kuchoka, mnzake wosalakwa n'kudzapunthwa pamenepo. Zikatero minidump sikwanira, mumafuna kernel dump ija, ndipo mayina akamasinthasintha pa kugwa kulikonse ndimasiya kuwerenga ma dump n'kuyamba kuyeza RAM yeniyeniyo.

Apa mwayi unalipo. Tinaigwetsa katatu, ndipo katatu konse panatuluka dzina limodzi, driver ya USB imene inabwera ndi pulogalamu yakale ya pa CD ya pulinta ina imene anaigulitsa kalekale. Pulinta inapita, driver inatsala, ikulowerera pa chilichonse chodutsa pa USB. Ndinaichotsa, tinapulinta chikalata chija kawiri, osagwa.

Ndikulongedza, amayi analoza MEMORY.DMP pa sikirini.

"Ndiye chachikuluchi mutenga?"

"Ayi amayi, sindikuchifuna. Mwina muli zidutswa za zimene munajambula lero."

"Ma ID a anthu?"

"Zikhoza kutheka."

"Chifufuteni ndikuona."

Ndinachifufuta akuona. Timaminidump titatu tija ndinatisiya, ndipo ndinamuonetsa mnyamata uja mzere wa memory dumps mu kapulogalamu kake kotsuka, kuti achotsepo chonga. Anafunsa ngati mafilimu ake angabwerere pa disk. Amayi anamuyankha ine ndisanatsegule pakamwa.